Amalume Anandifunsa Ngati Yisiti Amafunsirana

Tchuthi chathachi ndinapita kumudzi. Tsiku lachiwiri, titakhala pakhonde kudikira kuti mvula ikate, amalume anandifunsa kuti kafukufuku wanga wa chaka chomaliza ndi wa chiyani. Ndinayamba ndi kuzemba, ndinangoti ndi za maselo. Iwo sanakhutire, ndipo anali ndi ufulu wosakhutira, paja theka la fizi yanga limachokera m'thumba mwawo akagulitsa soya ndi mtedza. Pomaliza ndinanena zoona zake: ndikufufuza mmene maselo a yisiti amaitanirana akafuna kuphatikizana kuti abereke mbadwo watsopano.

Amalume anakhala chete kaye. Kenako anati, "Yisiti wake uti? Wofufumitsira mandasi uyu?" Ndinati eya, mtundu wake ndi womwewo. "Ndiye ukuti amafunsirana?" Onse pakhondepo anafa nalo phwete, nanenso ndinaseka nawo. Kuseka kutatha, iwo anafunsa funso lenileni, mopanda chipongwe: "Mphwanga, ife timati ukuphunzira zoti udzatithandize. Nanga zimenezi zidzathandiza ndani?"

Ndinalibe yankho, ndinangoyang'ana mvula. Ndikudziwa kuti ambiri a inu amene mukuchita sayansi munafunsidwapo funso lomweli, kaya ndi makolo, kaya ndi mnzanu wa zamalamulo amene amadziwa kale kumene digiri yake ikumutengera. Ine ndakhala nalo m'mutu kuyambira tsiku limenelo, ndipo zimene ndalemba apa ndi zimene ndikanayenera kuwauza amalume pakhonde paja.

Tiyambe ndi yisiti mwini wake. Dzina lake la sayansi ndi Saccharomyces cerevisiae, ndipo ali m'gulu la mafangasi pamodzi ndi bowa ndi nkhungu. Selo lake ndi laling'ono moti maselo pafupifupi 200 ondandalikidwa pamzere ndi amene angakwane milimita imodzi. Alibe maso, alibe makutu, ndipo sangayende ngakhale pang'ono. Masiku ambiri amachulukana yekha, selo limatulutsa kamphukira kamene kamakula n'kuduka. Koma pali maselo ena amene amakhala ndi theka lokha la malangizo achibadwa, ndipo amenewa ali m'mitundu iwiri, wina wotchedwa a, wina wotchedwa alpha. Mukawayang'ana pa maikulosikopu simungawasiyanitse. Selo la a likakumana ndi la alpha, awiriwa amaphatikizana n'kukhala selo limodzi lokhala ndi chibadwa cha mbali zonse ziwiri. Selo loterolo likasowa chakudya limapanga timbewu tinayi, tiwiri ta a ndi tiwiri ta alpha, ndipo m'timbewu timeneti chibadwa cha makolo chimakhala chitasakanizika mwatsopano.

Vuto ndi lakuti chinthu chosaona, chosamva komanso chosayenda chingadziwe bwanji kuti mnzake woyenera ali mbali iti? Chimene chimachitika n'chakuti selo lililonse limatulutsa kemikolo yake yoitanira, imene asayansi amaitchula kuti feromoni. Ya alpha ndi kaunyolo ka ma amino asidi 13, ya a ndi ka 12 kokhala ndi kamchira ka mafuta kumapeto kwake. Pakhungu la selo la a pali puloteni yotchedwa Ste2 imene imagwira feromoni ya alpha yokha, ndipo pa selo la alpha pali Ste3 imene imagwira ya a yokha. Mapuloteni amenewa tingawatchule kuti zolandirira. Feromoni ikangokhala pa cholandirira chake, uthenga umalowa m'kati mwa selo, puloteni ina kupatsira inzake, mpaka selolo limasiya kuchulukana n'kuyamba kumera kamlomo kolunjika kumene feromoniyo ikuchokera. Limaoneka ngati peyala. Asayansi a ku America anatcha maonekedwe amenewa kuti shmoo, potengera kanyama ka m'zojambula zoseketsa za Al Capp ka mu 1948.

Kunena zoona, zonsezi ndinaziloweza m'chaka chachiwiri ndipo mayeso ndinakhoza. Ste11 imadzutsa Ste7, Ste7 imadzutsa Fus3, ndinkazilakatula ngati mayina a maboma. Sindinadziwe n'komwe kuti Ste ndi chidule cha mawu achingerezi otanthauza kusabereka, chifukwa ofufuza anapeza mapuloteni amenewa poyang'ana maselo amene analephera kuphatikizana n'kufunsa kuti chawonongeka n'chiyani. Zinthu zinasintha tsiku limene mphunzitsi wathu wina anatipatsa mitundu iwiri ya yisiti imene anabwera nayo kuchokera kumene anakachita maphunziro ake apamwamba. Tinaisakaniza m'mawa, ndipo titabwerako kokadya masana ndinaika kadontho pagalasi. Maselo amene m'mawa anali obulungira anali atasongoka, awiriawiri ataloza milomo kwa anzawo, ena atagwirana kale n'kumaoneka ngati khoko la mtedza. Ndinakhala pa maikulosikopu paja mpaka mnzanga anandikoka malaya kuti nayenso aone.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri nditabwerera m'mabuku chinali chakuti maselo amenewa amasankha. Mu 1990, Catherine Jackson ndi Leland Hartwell anaonetsa kuti selo likazunguliridwa ndi anzake angapo oyenera, limalunjika kwa amene akutulutsa feromoni yochuluka. Ofufuza akathira feromoni yambiri m'madzi kuti izidzaza mbali zonse mofanana, selo limasokonezeka, limamera kamlomo kosadziwa kolowera, ndipo kusankha kuja kumatha. Selo la a lili ndi njira yopewera zimenezi. Limatulutsa puloteni yotchedwa Bar1 imene imaduladula feromoni ya alpha, yomwe ija selolo likufuna kumva. Poyamba zinandizunguza mutu kuti chinthu chingawononge bwanji uthenga umene chikuudikira. Koma ganizirani za fungo la nsomba yowotcha m'nyumba yotseka mawindo. Pakapita nthawi fungolo limadzaza paliponse ndipo simungadziwenso kuti likuchokera chipinda chiti. Mukatsegula zenera kuti lakale lizituluka, latsopano limakulozerani kukhitchini. Bar1 imagwira ntchito ya zenera limenelo.

Mafangasi ena ali ndi njira zawo. Nkhungu yakuda imene imamera pa buledi wogonera masiku angapo, ya mtundu wa Rhizopus, ili m'gulu limene Albert Blakeslee anafufuza mu 1904. Iye anapeza kuti mitundu yambiri ya nkhungu zoterezi siipanga mbewu za ukwati pokhapokha mbali ziwiri zosiyana zitakumana, ndipo mbalizo anangozitcha + ndi −, poti palibe chimene chinkaonetsa kuti iyi ndi yaimuna kapena yaikazi. Mu 1924, Hans Burgeff anaika kachikopa kopyapyala pakati pa mbali ziwirizo ndipo anaona kuti zikuyankhanabe ngakhale sizikukhudzana, kusonyeza kuti pali kemikolo imene ikudutsa. Patapita zaka pafupifupi 40 ndi pamene kemikoloyo inadziwika, ndipo dzina lake ndi trisporic acid. Imapangidwa kuchokera ku beta-carotene, chimene chimapatsa karoti mtundu wake. Chodabwitsa chake n'chakuti mbali imodzi payokha siitha kuimaliza bwino. Ya + imapanga zoyambira zimene ya − ndiyo imazimalizitsa, ndipo ya − imapanga zake zimene ya + imamalizitsa. Kemikoloyo ikachuluka, ndiye kuti mbali zonse ziwiri zilipo ndithu.

Ndikudziwa kuti wina akuganiza kale zokalemba zimenezi pa Facebook ngati phunziro la banja. Ndikupempha kuti tisatero. Selo silikonda, silikhumudwa, silisankha monga mmene munthu amasankhira, ndipo mawu oti kufunsira ndikuwagwiritsa ntchito chifukwa amalume anandibwereka. Amene akufunabe kutengera malangizo a ukwati ku mafangasi adziwe kuti kabowa kena komera pa mitengo youma, Schizophyllum commune, kali ndi mitundu yophatikizana yoposa 23,000, ndipo yisiti wa kutchire amatha kusintha kuchoka pa a kukhala alpha. Zamoyo zimenezi zili ndi malamulo awo, ndipo n'zosangalatsa kale popanda kuziveka zovala zathu.

Tsopano ku funso la amalume. Yankho loyamba lili m'munda mwawo momwemo. Aliyense amene analimapo chimanga anaonapo chimanga china chitatupa zotupa zotuwa, zimene zikaphulika mumatuluka ufa wakuda ngati mwaye. Amene amachititsa zimenezi ndi fangasi wotchedwa Ustilago maydis. Ufa wakudawo ndi mbewu zake, ndipo zikamera zimatulutsa maselo okhala ndi theka la chibadwa amene amangochulukana ngati yisiti wa mandasi. Selo lotere palokha silingadwalitse chimanga. Liyenera kuyamba lamva feromoni ya mnzake woyenera, awiriwo n'kumera timachubu tolunjikana, n'kuphatikizana. Akatero amasanduka kaulusi kamene kamaboola khungu la chimanga n'kulowa m'kati. Choncho kuitanizana kumene tinkaseka pakhonde paja ndiko chiyambi cha matenda amene amalume amawazula m'munda n'kutaya. Ku Mexico zotupa zomwezo amazidya zisanade, amazitcha huitlacoche ndipo amazigulitsa pamsika, koma kwa mlimi wa kwathu chimanga chotero ndi nsima yotayika.

Yankho lachiwiri ndinakumana nalo mu labotale ya chipatala china kumene ndinakaphunzira ntchito pa tchuthi cha chaka chachitatu. Tsiku lina anabweretsa madzi a mumsana a wodwala amene mutu unkamupweteka kwa masabata. Katswiri wa mu labotale anasakaniza kadontho ndi inki yakuda n'kundiuza kuti ndiyang'ane. Pa mdima wa inkiyo panali timipira towala, kalikonse kali ndi mkombero woyera kuzungulira. Kamodzi kanali ndi kamphukira m'mbali, ndendende ngati yisiti wanga. Anali Cryptococcus neoformans, fangasi amene amalowa ndi mpweya m'mapapo, ndipo chitetezo cha m'thupi chikatsika amapita ku ubongo n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi. Amapha anthu oposa 100,000 pachaka pa dziko lonse, ambiri mwa iwo a kuno kumwera kwa chipululu cha Sahara, makamaka amene HIV yawafooketsa. Mu 2022 bungwe la WHO linamuika m'gulu lapamwamba pa mndandanda wa mafangasi oopsa kwa anthu. Dzina la wodwala uja sindinalidziwe, ndinangoona nambala pa botolo, koma chithunzi cha timipira tija sichinandichoke.

Cryptococcus nayenso ali ndi a ndi alpha, ndipo amaitanizana ndi maferomoni. June Kwon-Chung ndiye anapeza mu 1975 kuti fangasi ameneyu amaphatikizana n'kupanga mbewu. Mbewuzo ndi zazing'ono moti zimatha kulowa m'kati mwenimweni mwa mapapo, ndipo pa zoyesera za mbewa zinaoneka kuti zimayambitsa matenda. M'maiko ambiri pafupifupi onse amene amapezeka mwa odwala ndi a mtundu wa alpha, zimene zinkadabwitsa ofufuza: nanga akuphatikizana ndi ndani? Mu 2005 gulu la Joseph Heitman ku Duke University linaonetsa kuti ma alpha okhaokha amatha kuphatikizana. Koma ku Botswana ofufuza anapeza kuti mtundu wa a ndi wochuluka kuposa kwina konse, ndipo anapezanso fangasi ameneyu m'mitengo ya tsanya, ali ndi chibadwa chosiyanasiyana kwambiri. Tsanya ndi mtengo umene tili nawo kuno, aliyense amene anafikapo ku Liwonde anauona. Kumene a ndi alpha akukumana ndi kumene chibadwa chikusakanizika, ndipo m'kusakanizika kotero ndi mmene mungatuluke mitundu yatsopano. Funso loti m'mphako za mitengo yathu muli chiyani ndi loyenera munthu amene amakhala pafupi ndi mitengoyo.

Apa ndiyenera kunena chilungamo, poti mnzanga wina wa zachipatala anandigwira pakamwa nditamuuza zimenezi. Anati mankhwala amene akupulumutsa anthu lero sanachokere ku kafukufuku wa maferomoni. Akunena zoona. Kafukufuku wa AMBITION, amene anachitika mwa odwala oposa 800 ku Malawi, Botswana, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anaonetsa kuti mlingo umodzi waukulu wa liposomal amphotericin B, pamodzi ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole, umagwira ntchito mofanana ndi jakisoni wa masiku 7 koma suvutitsa thupi kwambiri. WHO inavomereza njira imeneyi chaka chomwecho. Palibe mankhwala mwa atatuwa amene amakhudza Ste2 kapena Ste3. Komabe ngakhale pa njira yatsopanoyi, pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi alionse anamwalira m'masabata 10. Mitundu ya mankhwala olimbana ndi mafangasi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya mabakiteriya, chifukwa selo la fangasi limafanana kwambiri ndi lathu, ndipo chopha iye chimavulazanso ife. Mankhwala atsopano adzachokera kwa anthu odziwa selo limeneli mbali zonse, kuphatikizapo mbali zimene lero zikuoneka zopanda ntchito.

Kufanana komweko ndi yankho lachitatu. Ste2 ndi Ste3 zili m'banja lalikulu la zolandirira zotchedwa GPCR, banja lomwelo la zolandirira zimene mphuno yanu imamvera fungo, diso lanu limaonera kuwala, ndi mtima wanu umamvera adrenaline mukadzidzimuka. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mankhwala ovomerezeka amagwira ntchito pa zolandirira za banja limeneli. Mndandanda uja ndinkalakatula wa Ste11, Ste7 ndi Fus3 uli ndi m'bale wake m'maselo athu, Raf, MEK ndi ERK, umene ukasokonekera umathandiza khansa kukula, ndipo alipo mankhwala a khansa amene amautseka. Hartwell yemwe uja anagwiritsa ntchito feromoni ya alpha kuimitsa maselo a yisiti kuti aone pamene selo limagamula zoyamba kugawikana, ndipo mu 2001 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Paul Nurse ndi Tim Hunt chifukwa cha ntchito yofotokoza mmene maselo amagawikirana. Akanakhala kuti anafunsidwa m'zaka za m'ma 1970 kuti yisiti wakeyo athandiza ndani, sindikhulupirira kuti akanatchula dzina la wodwala kapena la mankhwala.

Tsono pali mfundo imene ndimaimva kawirikawiri, ngakhale kwa anzanga a m'kalasi, yoti kafukufuku wotere ndi wa maiko olemera, ife tichite zothandiza lero. Sindiinyoza mfundo imeneyi. Ndalama n'zochepa, zipatala zikusowa anamwino, alimi akusowa alangizi, ndipo soya wa amalume sanalimidwe kuti ine ndizisangalala ndi maikulosikopu. Ndikanakhala kuti ndikugawa ndalama za dziko, nanenso zambiri ndikanaziika kumeneko. Chimene ndimakana ndi mawu oti zonse. Dziko limene ophunzira ake onse amangophunzira kugwiritsa ntchito mayankho a eni ake limakhala likudikira kuti wina wa kutali achite chidwi ndi tsanya wathu kapena chimanga chathu, ndipo akachita chidwi, mafunso amasankha ndi iye. Ife timatsala otolera zoyesa n'kuzitumiza pa ndege.

Chinanso n'chakuti yisiti ndi wotchipa. Amadya shuga, amakula bwino pa madigiri 30, amene m'mwezi wa Okutobala timawapeza kwaulere, ndipo m'chakudya chabwino amachulukana kawiri pa mphindi pafupifupi 90 zilizonse. Mavuto alipo, magetsi akazima masiku awiri zosungidwa mu firiji zimawonongeka, ndipo ine ndinayambiranso kawiri chifukwa cha zimenezi. Koma mbale, maikulosikopu ndi mitundu iwiri ya maselo n'zokwanira kufunsa funso lenileni n'kupeza yankho pasanathe sabata. Ndi nthambi zochepa za sayansi zimene zingalole wophunzira wa chaka chachinayi kuchita zimenezi ndi ndalama zochepa chonchi.

Mlandu wina uli pa ife eni ake. Amalume sanalakwe kufunsa. Amene ndinalakwa ndi ine, amene ndinatha zaka zinayi ndikuphunzira chinthu chimene sindinayesepo kuchifotokoza m'Chichewa kwa munthu amene akulipira. Tikalowa pa geti la koleji timasiya chinenero chathu panja, ndipo tikabwerera kumudzi timanyamula mawu achingerezi amene sititha kuwamasula. Kenako timadandaula kuti anthu sayamikira sayansi. Ndikanati ndiwauze za chimanga chotupa chija tsiku lomwelo, iwo akanandiphunzitsa zambiri, poti akhala akuchiona zaka zochuluka kuposa zimene ine ndakhala ndi moyo, akudziwa mbali ya munda imene chimakonda ndi chaka chimene chinachuluka. Mnzanga amene ukuwerenga izi, yesa kufotokozera agogo ako mutu wa kafukufuku wako usanapite kukauteteza pamaso pa aphunzitsi. Pamene ukakamire ndi pamene sunamvetse bwino.

Sabata yatha ndinawaimbira foni amalume. Ndinawafunsa ngati chimanga chotupa chija chayamba kuoneka chaka chino. Anati chilipo kumunsi kwa munda, cha kufupi ndi dambo, ndipo anali atauza kale ana kuti akachichotse. Ndinawafotokozera kuti ufa wakudawo ukamera umatulutsa maselo ofanana ndi yisiti, ndi kuti matendawo sayamba mpaka awiri oyenerana ataitanizana n'kugwirana. Anakhala chete monga tsiku lija, kenako anati, "Ndiye ukawasokoneza kuti asamvane, chimanga chipulumuka?" Ndinawayankha kuti limenelo ndi funso limene ofufuza amafunsanso, ndipo kuti mu labotale selo lopanda cholandirira chake limalephera kupeza mnzake.

Ndinawapempha kuti asataye zonse. Mbewu za Ustilago zimamera pa mbale ya labotale, ndipo pali njira yosavuta yoonera ngati maselo awiri ndi oyenerana: ukawasakaniza pa chakudya chothira makala osalala, oyenerana amamera ubweya woyera pamwamba pa mdima wa makalawo, osayenerana amangokhala osalala. Mphunzitsi wanga wavomera kuti ndiyese ndikamaliza za yisiti. Amalume anati andisungira ziwiri, azikulunga m'nyuzipepala n'kuziika padenga kuti ziume, ndipo adzazipatsira munthu wobwera m'tauni kumapeto kwa mwezi.